A Pakhomo ndi Nambala ya Wakumbuyo

Zaka makumi awiri ndi zitatu a Pakhomo akhala akuimirira pakhomo la sitolo yaikulu ya m'tauni, kusuzumira m'zikwama za anthu otuluka. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso cha ntchito. Ngakhale akazi awo akapsa mtima amangoti, "Inu a Pakhomo inu!" Ntchito yake ndi yosavuta kuifotokoza. Munthu akupatsa risiti, iwe uyang'ane risitiyo, uyang'ane m'jumbo, kenako umuyang'ane munthuyo kumaso. Iwo ankati chachitatuchi ndiye ntchito yeniyeni, zinazo ndi zongodutsira.

Kugwira ankagwira ndithu, tisawanamizire. Anagwirapo sopo atabisidwa m'buledi wokumba m'kati, mabatire m'thewera la khanda, ndi botolo la mafuta onunkhira m'sokosi ya bambo wina wovala suti amene polowa anawapatsa moni ndi manja awiri. Kuyambira tsiku la bambo wa suti uja, a Pakhomo anasiya kukhulupirira munthu womwetulira. Wokwinya nkhope ankamukayikira kale. Ndiye muone nokha amene anatsala.

Akazi awo, a Telala, anawapezanso pakhomo pomwepo akadali mtsikana. Anawafufuza chikwama masiku atatu otsatizana osapezamo kanthu, ndipo tsiku lachinayi mtsikanayo anawafunsa ngati chimene akufuna ndi chikwamacho kapena mwini wake. Mulungu anawapatsa ana atatu. Awiri akuluakulu anakula n'kuchoka, pakhomo n'kutsala Mzime, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu amene anali ku sekondale.

Mzime anali mwana wa anthu. Akaweruka kusukulu ankabwera ndi chigulu cha anzake, n'kuima pageti kumacheza ngati sanali limodzi tsiku lonse. Kenako ankawaperekeza mpaka pamphambano, iwo n'kumuperekezanso mpaka pageti, mpaka amayi ake atatuluka ndi lumo m'manja kudzafunsa ngati lero aweruka kapena ayi. A Pakhomo ankadandaula za phokosolo, koma chamumtima ankalikonda. Anzake a mwana wawo ankawadziwa nkhope, nsapato ndi zikwama. Munthu amene umamuona ndi maso sakuvuta.

Kenako kunagwa mliri. Masukulu anatsekedwa, ndipo aphunzitsi analamula kuti maphunziro azichitika pa intaneti. Mchimwene wake wa Mzime anatumiza foni yake yakale yong'aluka pakona. A Telala anayamba kusoka masiki usana wonse, ndipo anasuntha nsalu zawo kuti mwana apeze kachigawo ka tebulo la pabalaza. Foniyo ankaitsamiritsa pa chitini cha shuga. Kusitolo nako anagawa antchito pawiri kuti asamathithikane, a Pakhomo n'kugwera gulu la masana. Anawapatsanso kamfuti koyezera kutentha kwa thupi, moti tsopano ankakayikira olowa ndi otuluka omwe. M'mawa monse ankakhala panyumba, pampando wawo wa pakona, opanda chikwama chofufuza.

Masabata oyambirira foni ija inali ndi phokoso ngati msika. Ana ankalankhula onse nthawi imodzi, kuseka mbuzi ya wina imene inalira m'kati mwa phunziro la masamu, kufunsana za makatani ndi azichemwali odutsa kumbuyo. Koma bandulo sachedwa kutha, ndiye mmodzimmodzi anayamba kuzimitsa kamera. Pofika mwezi wachitatu pa foni pankangooneka timabokosi takuda, mphunzitsi akulankhula yekha. Ena anasowa osatsanzika. Mzime anasiya kupesa tsitsi, n'kumaphunzira ali m'diresi lomwe wagona nalo. Mwana amene kale ankatopetsa anthu ndi nkhani tsopano ankayankha ndi mutu.

Chimene a Pakhomo anaona si chimenecho ayi. Iwo anaona za teni koloko. Nthawi yopumira ikakwana, Mzime ankanyamula foni n'kupita kuseri kwa nyumba, pa chingwe choyanikira zovala. Kumeneko zala zinkathamanga, ndipo pakapita kanthawi ankaseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba. Mphindi makumi awiri zikatha ankabwerera patebulo nkhope ili gwa ngati sanaseke. Kholo lina likanathokoza Mulungu kuti mwana akadali ndi mano. A Pakhomo anangoti mumtima, apa pali kanthu.

"Mayi a Mzime," anatero tsiku lina makina atangoima, "mwanayu amaseka ndi ndani kuseri kuja?"

"Ndi anzake a kusukulu. Aseke ndi ndaninso?"

"Anzake ati? Munawaona?"

"Ndiwaone bwanji ali m'foni? Inu, musiyeni mwana. Tsiku lonse amakhala ndwii ngati wodwala, ndiye pamene wapeza pomwetulira mwayamba kutulutsa maso."

"Chimene chikundivuta ndi chomwecho. Bwanji saseka pano, pamaso pathu?"

"Aseke chiyani pano? Nkhope yanuyo? Ngati zikukusowetsani tulo mufunseni, pakamwa ali napo."

A Pakhomo anangopukusa mutu. Pa zaka zonse zija anaphunzira kuti ukamufunsa munthu wamupatsa mpata wokonza bodza. Munthu umayamba wamugwira nacho m'manja, mafunso pambuyo. Ndipo mantha awo sanali opanda mutu. Pa wailesi ankanena za azibambo amene amanyengerera ana pa intaneti, ndipo kusitolo mnzawo wina ankasimba za mwana wa mlongo wake amene anathawa ndi munthu wodziwana naye pa foni. A Pakhomo ankamukonda Mzime kuposa mmene ankadziwira kunena. Akaganiza zoti pali munthu amene walowa m'nyumba mwawo osadzera pakhomo, n'kumalankhula ndi mwana wawo iwo ali pompo, ankalumbira kuti amugwira basi.

Anayamba ntchito mwa njira yawo. Anasuntha mpando pang'ono kuti galasi la kabati lizionetsa manja a mwanayo, monga magalasi a m'sitolo amaonetsera kuseri kwa mashelefu. Masiku awiri okha pasiwedi inali m'mutu. Tsiku lachitatu Mzime atapita kukasamba, foni ili pa chaja, a Pakhomo anapukuta manja pa buluku n'kuitsegula.

Anayamba ndi gulu la kalasi. Munalibe chilichonse koma ntchito za aphunzitsi. Pansi penipeni panali uthenga wa Mzime wakuti, "Anthu inu mulipo? Tachezani," ndipo panali patapita masabata atatu popanda woyankha. A Pakhomo anaudutsa osaima, poti si zimene ankafuna. Anatsegula mayina ena a atsikana n'kupeza macheza onse anathera miyezi iwiri kumbuyo, ena pa "ndikuyankha," ena pa kachithunzi ka chala. Anadutsanso. Kenako pamwamba pa onse anaona dzina lakuti Wakumbuyo, ndipo pambali pake panali chithunzi cha bambo wandevu, wovala ovolosi, atatsamira galimoto.

Anatsegula machezawo. Anayamba kuwerenga.

"Ndakusowa mpaka mutu ukuwawa."

"Pakanapanda iwe ndikanapenga m'nyumba muno."

"Mawa nthawi yomweyi, usachedwe."

"Basi ndikufufuta kuno, asaone."

Mzime naye ankayankha ndi timitima ndi tinkhope toseka. Mauthenga onse anali a m'mawa, pakati pa eyiti ndi thwelofu, masana ndi madzulo zii. A Pakhomo anamvetsa zonse nthawi yomweyo, monga ankamvetsera akaona munthu akuyenda mwendo umodzi wouma. Bambo wapabanja uyu, amalemba mkazi wake akachoka, akamaliza amafufuta. Ngakhale dzinalo linawanyansa, munthu wanji wodzera kumbuyo? Analemba nambala kuseri kwa risiti yakale, n'kubwezera foni pa chaja moyang'ana mmene inalili.

Sanauze munthu. Masana ali pantchito, anthu atachepa pakhomo, anapachika kamfuti kaja m'lamba n'kuimba. Inaitana nthawi yaitali. Kenako kunamveka kulira kwa zitsulo ndi mawu okhuthala a mwamuna.

"Halo, ndani?"

"Ndine bambo wake wa mwana amene mumamulembera m'mawa uliwonse."

"Mwana uti? Mwalakwitsa nambala, achimwene."

"Sindinalakwitse. Ndevu zanuzo ndaziona, ovolosi ndaiona, galimoto ndaiona. Munthu wamkulu ngati inu kumauza kamwana ka sukulu kuti mwakasowa mpaka mutu ukuwawa! Mulibe manyazi? Akazi anu akudziwa zimene mumafufuta m'fonimo?"

"Bambo, tadikirani kaye, ine..."

"Sindidikira. Mukangomulemberanso kamodzi, nkhope yanu ndikaipereka kupolisi ndi manja angawa."

Anadula. Tsiku limenelo anayeza anthu kutentha akuimba kanyimbo m'masiki, ndipo mayi wina anatuluka ndi jumbo osaifufuza n'komwe.

M'mawa mwake teni koloko itakwana, Mzime anapita ku chingwe monga mwa masiku onse. Sipanapite mphindi zisanu anabwerera. Anazimitsa foni, kuiyatsanso, kuikweza m'mwamba pafupi ndi zenera, n'kufunsa amayi ake ngati netiweki ikuvuta. Tsiku lachiwiri anakhala kuseriko nthawi yonse yopumira, koma kuseka sikunamveke. Lachitatu sanapiteko, anangogoneka mutu patebulo pakati pa tizidutswa ta nsalu. Chakudya ankangochitokosa. A Pakhomo ankaona zonsezi ali pampando wawo ndipo chisoni ankamva ndithu, koma ankadziuza kuti mankhwala abwino amawawa, mwanayu adzawathokoza akadzakula.

Tsiku lachinayi madzulo a Pakhomo akuvula nsapato kuchipinda, anamva mwanayo akulira pabalaza, makina ataima.

"Amayi, Wakumbuyo wandibuloka. Sindinamulakwire chilichonse. Ngakhale chithunzi sichikuonekanso."

"Wakumbuyo ndiye uti?"

"Uja amakhala desiki ya kumbuyo kwanga. Uja ankandiluka tsitsi m'kalasi mpaka tinapatsidwa chibalo."

"Wa mpata m'mano uja? Amene amakhala kwa amalume ake a kugaraja?"

"Yemweyo. Amalume akewo amamubwereka foni m'mawa kuti aphunzire, thwelofu ikakwana amakaibweza. Anatsala yekhayo, amayi. Enawo ngakhale uwalembere amangowerenga. Ndiye panopa ndizilankhula ndi ndani?"

A Pakhomo anakhala pabedi nsapato imodzi ili m'manja. Mtsikana wa mpata m'mano ankamudziwa bwino. Anali wamfupi, wa chikwama chobiriwira chong'ambika zipi, amene pageti paja ankawapatsa moni mogwada pang'ono anzake akungodutsa. Anayesa kufunafuna pothawira, kuti mwina mtsikanayo ndi amalume akewo ali pamodzi pa chiwembu, koma ngakhale mutu wawo womwe unakana.

Atatuluka, a Telala anangowayang'ana kamodzi. Munthu sukhala ndi wofufuza zaka makumi awiri osatolako kanthu.

"Inu a Pakhomo inu, mwachita chiyani?"

Anafotokoza ataimirira, maso ali pa chitini cha shuga. Ananena za galasi la kabati, za pasiwedi, za risiti, ndi mawu onse amene anauza munthu wa ndevu uja. A Telala anagwira pakamwa. Mzime sanakuwe, sanamenyetse chitseko, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anangopukuta misozi ndi kansalu ka masiki kosasoka.

"Ababa, mukanangondifunsa," anatero. "Ndikanakuonetsani."

M'mawa kutacha a Pakhomo anavala malaya a kutchalitchi n'kuuyamba wa kugaraja, Mzime atawalongosolera njira osawayang'ana kumaso. Anayenda pafupifupi ola. Garajayo inali kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, bwalo lamafuta okhaokha, magalimoto atatu atayasamula. Bambo wandevu uja anali chagada pansi pa lole. Atamva kuti kwabwera ndani anatuluka pang'onopang'ono, n'kukweza masiki yakuda ndi girisi, n'kuima patali kuposa mmene a zaumoyo amalamulira.

"Ndiye ndinu apolisi aja?"

"Ndabwera kudzapepesa, bambo. Ndinalakwitsa kwambiri. Ndinaona chithunzi chanu, ndiye ndinaganiza..."

"Munaganiza. Mukudziwa mmene ndinayankhira foni yanu ija? Manja anali m'mafuta, ndiye ndinadina sipika ndi chigongono. Anzanga onse ali pano. Eni galimoto awiri ali pano. Mayi a kunyumba ataima apo mwaimapo, atandibweretsera chakudya. Onse anamva kuti ine ndimalembera kamwana ka sukulu n'kumafufuta."



"Mayiwo anatenga foni n'kutsegula," anapitiriza makanikoyo. "Anapeza nambala ya mtsikana, mauthenga onse ofufutidwa. Inuyo mukanakhala iwo mukanaganiza chiyani?"

Limeneli linali funso loipa kufunsa a Pakhomo, chifukwa yankho lake ankalidziwa bwino kuposa aliyense.

"Mwana wa mlongo wanga uja anafotokoza, analumbira, analira. Ankafufuta chifukwa cha manyazi, kuti amalume asamawerenge zachibwana zawo. Mayiwo anamva, koma anagona kwa mchemwali wawo masiku awiri. Pobwera anati iwo mwana wa eni sangamusungenso, wawachititsa manyazi pa anthu. Ine ndikanatani? Banja ndi langa, mwana ndi wa mlongo wanga. Dzulo ndamukweza basi, wabwerera kwa mayi ake."

"Kutali?"

"Tsiku lathunthu pa msewu. Kumeneko netiweki amachita kukwerera phiri, ndipo mlongo wangayo foni alibe."

"Nanga sukulu?"

"Idikire mliri uthe. Ukatha tidzaona ngati adzabwerere kuno, koma ine sindikulonjeza."

A Pakhomo anapempha kuti akalankhule okha ndi mayi a kunyumbawo, awauze kuti wolakwa ndi iwo. Anati basi yobwerera alipira, ngakhale foni ya mwana wawo ana awiriwo azigawana. Makanikoyo anapukusa mutu n'kutola sipanala.

"Mwalankhula kale zokwanira, bambo. Chimodzi chokha ndikuuzeni. Mwana uja pokwera basi sankalirira sukulu ayi. Ankalira kuti mnzake aziganiza kuti wamutaya dala. Ndiye kamuuzeni mwana wanuyo kuti sanamutaye. Wobuloka ndinali ine."

Anabwereranso pansi pa lole, ndipo a Pakhomo anaima kanthawi akuyang'ana nsapato zake zotulukira kunja, kenako anatembenuka.

Anafika kunyumba cha m'ma leveni, phunziro lili m'kati. Makina a a Telala anaima okha. Mzime anali atapesa tsitsi tsiku limenelo, koyamba pa masabata ambiri, ndipo atamva chitseko anadzutsa mutu n'kuyang'ana kumbuyo kwa bambo ake ngati kuti mwina pali wina akubwera. A Pakhomo anavula masiki. Ananena zonse mwachidule, za basi, za phiri, ndi uthenga wa makaniko uja. Mwanayo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kugwedeza mutu kamodzi.

"Chabwino, ababa. Ndili m'kalasi."

A Pakhomo anakhala pampando wawo. Pa foni paja mphunzitsi wamkazi ankafotokoza za ntchito ya sabata yamawa. Anati aichite awiriawiri, aliyense asankhe mnzake, azikambirana pa foni, ndipo pepala likhale limodzi la mayina awiri pamwamba. Timabokosi takuda tija tinadzuka. Mawu anayamba kutuluka uku ndi uku, uyu kutchula uyu, uyo kutchula uyo, ena kukanganirana munthu mmodzi. Mzime palibe amene anamutchula. Mphunzitsi anawerenga magulu onse, kenako anatchula dzina la mwanayo.

"Nanga ameneyu ali ndi ndani? Mnzake uja sakuoneka masiku ano. Pali gulu limene lingamutenge akhale atatu?"

Palibe anayankha. Penapake patali tambala analira m'kabokosi ka wina, mwini wake n'kuzimitsa maiki msanga. Mphunzitsi anafunsanso kachiwiri, mokweza. A Pakhomo anapezeka atagwira mikono ya mpando, akuyang'ana timabokosi tija kamodzikamodzi, kupempha chamumtima ana a eni amene kale ankadzaza geti lawo.

Mzime anayatsa maiki.

"Musavutike, madamu. Ndichita ndekha."

Anang'amba pepala pakati pa kope, analemba dzina lake pa mzere woyamba, wachiwiri n'kuudumpha, ndipo anayamba funso loyamba.